Voti ya Mlongo Wanga

Mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, anapita ku Congo nthawi yothirira nazale ya fodya. Anali msilikali, ndipo gulu lake linatumizidwa kukaima pakati pa anthu amene ankaphana m'nkhalango za kumeneko. Pa wailesi ankati ndi ntchito yosungitsa mtendere. Amayi ankangoti wapita kunkhondo, ndipo pa nkhani imeneyi ine ndinali mbali yawo. Kumene kukulira mfuti usandiuze za mtendere.

Masiku amenewo n'kuti ine nditabwerera kwathu, kufupi ndi Nkhamenya, banja litandikanika. Bambo athu anali atatisiya kalekale. Pakhomo tinali ine, amayi ndi ana anga, ndipo tinkalima fodya ndi chimanga monga aliyense kumeneko. Mlongo wangayo asananyamuke anabwera kudzatsanzika. Anakonza denga la chigafa, anatithandiza kunyamula makeni a madzi kudambo, n'kunena kuti pofika nthawi yogulitsa fodya adzakhala atabwera. Tinamukhulupirira. Mwana ameneyo sankatha kunama. Ali wamng'ono akaba mtedza ankabwera yekha kudzadziulula, makoko ali m'thumba.

Mvula ili mkati, titayamba kuthyola fodya, ndinaona kuti amayi akuphonya posoka. Munthu amene anasoka fodya moyo wake wonse, amene ankatha kusoka uku akukalipira mbuzi, tsopano singano inkadutsa pambali pa tsamba n'kukabaya chala. Ndikawafunsa ankati ndi utsi wa kukhitchini. Ndinachita kuwakokera kuchipatala ku Kasungu, tikukangana njira yonse. Adokotala anawayang'ana m'maso nthawi yaitali, kenako anandiitanira pambali n'kundiuza kuti si ng'ala yoti angachotse. Anati nthendayi imadya maso pang'onopang'ono kuyambira m'mbali, ndipo zimene zapita sizibwereranso. Anatipatsa mankhwala odontheza oti angochedwetsa mdimawo. Amayi sanali ogontha, anamva zonse. Tili m'minibasi pobwerera anandifunsa chinthu chimodzi chokha: "Kodi uja anati abwera liti?"

Kuyambira tsiku limenelo nkhawa ya m'nyumba mwathu inali imodzi, yoti mwana afike maso asanatseke. Koma anandiletsa kumuuza. Anati munthu wogwira mfuti asamaganize za kumudzi.

Kwathu munthu amene ali kutali sitimutenga ngati kulibe. Kukagwa maliro khomo lililonse limapereka ufa, ndipo amayi ankapereka mbale ziwiri, yawo ndi ya mwana wawo. Kukakhala chitukuko choumba njerwa za sukulu, ankandituma lero ndikaumbe gawo langa, mawa ndikaumbe la mlongo wanga. Ndikayamba kunyinyirika ankati, "Ukufuna anthu aziti mwana wanga anathawa mudzi?" Kutchalitchi chopereka chake sichinkadumpha mwezi. M'munda munali mizere yake imene bambo anamugawira akadali mnyamata, ndipo imeneyo ndiyo inkayamba kupaliridwa, yanga ikudikira ndi udzu wake. Ngakhale makuponi a fetereza, munthu akadwala kapena akachokapo, m'bale wake ankatenga chiphaso chake n'kukamutengera, popanda wodabwa. Umu ndi mmene tinkakhalira.

Chaka chimenecho chinali cha chisankho. Fodya atauma, tikuyamba kusankha masamba, magalimoto a zimkuzamawu anayamba kudzutsa fumbi m'misewu yathu. Nkhani yake inali fetereza basi. Uyu akuti makuponi adzafika kwa aliyense, uyo akuti adzatsitsa mtengo wa thumba. Ife a ku Kasungu ukafuna kutigwira mtima, tigwire pa fetereza. Ineyo dzina langa linali litaiwalika pa makuponi zaka zotsatizana, tinkangogawana thumba limodzi mabanja angapo, kuyeza ndi ndowa, ndipo fodya wanga ankaoneka yekha kuti ndi wa mayi wosiyidwa. Ndiye ndinali nditasankha kale munthu wanga, wolonjeza makuponi kwa onse, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Nkhani ya asilikali inalowa mwangozi. Pa msonkhano wina pabwalo la sukulu, mayi wa ku Chisemphere, amenenso mwana wake anali ku Congo, anaimirira n'kufunsa kuti ana awo abwera liti. Mnyamata wolankhulira chipanicho ataona kuti anthu angoti zii, anati mtsogoleri wawo akangolowa m'boma adzabweza ana onse kumudzi, chifukwa nkhondo ndi ya eni. Azimayi anaimba nthungululu. Patapita masiku kunabwera a chipani china, ndipo atafunsidwa zomwezo anati mtsogoleri wawo sangachotse asilikali ntchito isanathe, dziko lingachite manyazi pamaso pa anzake. Kunena zoona, sindidziwa ngati atsogoleriwo ananenapo zimenezo, kapena anyamatawo anangozipeka pomwepo kuti athawe funso. Koma mawu akagwa m'mudzi amamera. Pofika Lamlungu aliyense ankadziwa kuti pali wobweza ana ndi wosiya ana. Wanga wa fetereza uja anali wachitatu, ndipo anthu ake za Congo sanazitchule n'komwe.

Pagolosale pamene ndinkatchajitsa foni, azibambo anapeza chocheza. Ena ankati ana abwere, tikufera chiyani m'dziko limene ngakhale chilankhulo chake sitichimva. Ena ankati msilikali analembedwa ntchito ya mfuti, kodi mumafuna azikalondera mbatata? Wina ankalumbira kuti anyamatawo amachita kulimbirana ulendowo, chifukwa pobwera amamanga nyumba za malata. Mwini golosaleyo, Msilamu wa ndevu zake zosamalidwa bwino, ankangoti mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo anzake ankamuseka kuti akuopera zake. Akatero ankabwerera ku mitengo ya fodya ya ku okushoni ngati sipanakambidwe kanthu. Ine ndinkatenga foni yanga ndikutukwana chamumtima. Kwa iwo inali nkhani ngati ya mpira, pomwe kwathu kunali munthu amene ankadzuka m'mawa uliwonse n'kuyesa ngati akuonabe mtengo wa mango wa pabwalo.

Amayi anasankha wobweza ana tsiku lomwe anamva. Iwo amene sankapita kumisonkhano ya ndale, amene ankati zipani zonse ndi mimba imodzi, anandituma ndikawapezere pepala la nkhope ya munthuyo. Analiyandikitsa mpaka kukhudza mphuno, n'kumaliyendetsa uku ndi uku kuti nkhopeyo ilowe m'kampata kamene kanatsala m'maso mwawo.

Ndinawauza kuti, "Amama, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Amenewa ndi malonjezo a kampeni."

"Iwe uli ndi maso," anandiyankha. "Ungathe kudikira."

Mlongo wanga ankaimba foni Lamlungu masana akapeza mpata. Kwathu netiweki inkagwira pachulu cha kuseri kwa chigafa, ndiye tikaweruka kutchalitchi ndinkawagwira dzanja amayi n'kukwera nawo pamenepo, foni ili pamiyendo, kudikira. Masabata ena sinkalira, ndipo tinkatsika dzuwa litapendeka. Lamlungu lina inalira, ndipo ndinaikweza mawu kuti timve tonse.

"Mwanawe, ndakupezera munthu," anatero amayi moni asanathe n'komwe. "Akuti akawina mubwera nonse. Ndikamuvotera ameneyo."

Mlongo wanga anaseka, kuseka kwake kuja kotulukira m'mphuno. "Amama, msilikali salankhula za ndale, mundichotsetsa ntchito." Kenako anati, "Koma ndikuuzeni zimene ndimaona. Pafupi ndi kampu yathu pali azimayi amene amalima chinangwa ndi nyemba. Minda yawo yeniyeni ili kutali, koma sangapiteko, amakagwidwa. Ndiye amalima m'mphepete mwa waya wathu, pamene ife tikuwaona. Pali mmodzi wa msinkhu wanu, amamanga mpango ngati mmene mumamangira inu. Akamaweruka amatifunsa ndi manja ngati mawa tidzakhalepo. Ife tikachoka lero, amama, nyemba zimenezo sadzakolola."

"Ndiye mawu ako ndi oti mukhale?"

"Ndikanakhala ndi voti ndikanati timalize kaye. Koma musadandaule, ndikubwera. Angotiwonjezera miyezi pang'ono."

Umu ndi mmene tinadziwira kuti pa nthawi yogulitsa fodya sadzakhalapo. Ndinatambasula dzanja kuti ndilande foni ndimuuze za maso, koma amayi ananditsina pantchafu mpaka ndinaluma mlomo. Anamufunsa ngati akudya bwino, ngati akugona m'neti, anamuuza kuti mizere yake yabereka masamba aakulu, n'kutsanzikana naye ndi mawu osalala ngati palibe chimene chachitika. Foni itaduka ndinawakalipira, ndipo ndinakalipa zenizeni.

"Mukubisiranji? Akadziwa apempha, mwina amulola abwere!"

"Ukamuuza aziyenda m'nkhalango mtima uli kuno. Ukufuna andibweretsere mwana m'bokosi?"

Ndinawasiya pachulupo n'kupita kukalirira m'chigafa, pakati pa fodya.

Nthawi imeneyo kusankha masamba kunali kutawakanika amayi, chifukwa ofiira ndi akuda ankawaona chimodzimodzi. Ine ndinkasankha, iwo n'kumamanga timitolo, poti zala zawo zinkaidziwa ntchitoyo popanda maso. Tsiku lina tili pa ntchito imeneyo anangoti, "Ndaganiza. Ndikaponya mavoti awiri. Yanga ipita kwa wobweza ana. Yake ipita kwa winayo, monga wanenera mwini wake."

Ndinaseka mpaka fumbi la fodya linanditsamwitsa. "Amama, voti satengerana ngati kuponi."

"Ananena ndani? Njerwa unamuumbira. Ufa wa pamaliro ndimamuperekera. Pa zolemetsa ndiye alipo, koma posankha mtsogoleri ndiye kulibe?"

"Chabwino, nanga mavoti awiriwo si angodyana okhaokha? Mupindulanji?"

"Adyane. Mawu ake ndi mawu ake. Sindinabereke mbuzi yoti ndiziikoka ndi chingwe."

Amayi akafika pamenepo, kulimbana nawo kunali kutaya malovu. Ndinangoti akakamva kwa eni ake a chisankho.

Tsiku loponya voti kunacha ndi kamphepo kozizira. Amayi anavala chitenje chawo cha paukwati wa mlongo wanga, ndipo pangodya ya mpango anamangapo ziphaso ziwiri, chawo ndi chakale cha mwana wawo chimene anasiya pakhomo. Titafika pasukulu ndinawakhazika padzuwa kuti ayambe afundidwa, ine n'kukaima pamzere. Ndinaponya yanga ya fetereza ija, anandiviika chala mu inki, kenako ndinabwerera kudzawatenga. Lamulo linkalola munthu wosaona bwino kulowa ndi wina amene amamukhulupirira kuti amuthandize kuchonga.

Patebulo panali mphunzitsi wamkazi wa pasukulu yomweyo, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi mlongo wanga. Amayi anamasula mpango pang'onopang'ono, mzere wonse ukudikira, n'kuika ziphaso zonse ziwiri patsogolo pake.

"Ichi ndi changa. Ichi ndi cha mnzako uja ali kunkhondo. Mundipatse mapepala a anthu awiri."

Mphunzitsiyo anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Anadzuka pampando, anazungulira tebulo, n'kunjuta pafupi ndi amayi. "Amama, pepani, lamulo silola. Aliyense amaponya yekha, ndi dzanja lake."

"Dzanja lakelo lagwira mfuti ya boma. Amene anamutuma ndi boma lomweli. Silikudziwa kuti sangabwere?"

Kumbuyo kwathu anyamata ena anayamba kuseka. Ndinatembenuka n'kuwafunsa kuti mwa iwo ndani anagonapo kunja chifukwa cha munthu wina, kupatula kumowa. Wina anangoyamba kukanda m'mutu. Mphunzitsi uja anatenga chiphaso cha mlongo wanga, anachiyang'ana kanthawi, n'kuchibwezera m'manja mwa amayi ndi manja awiri.

"Ndikanatha ndikanakupatsani, amama. Koma voti yanu ndi imodzi."

Amayi sanakanganenso. Anamanga chiphasocho pampango, analandira mapepala awo, ndipo tinalowa m'kachipinda ka makatoni kochongeramo. Ndinayala pepala la apulezidenti. Anawerama mpaka mphuno kukhudza pepalalo, koma nkhope zinali zing'onozing'ono, zothithikana, ndipo ija anailoweza kunyumba sanaipeze.

"Ndionetse," anatero.

Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pa wobweza ana. "Wanu uja ndi uyu."

Chalacho chinakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndinkamva mmene ankapumira. Kenako anafunsa, "Nanga wa mwana uja ali pati?"

Ndinazengereza, koma ndinachisuntha. "Ndi uyu. Komatu amama, ganizani bwino. Maso anuwa." Ndinanong'ona kuti ndikanadziwa ndikanasunga voti yanga, tikanagawana.

"Yako waponyera ana ako, ayenera kudya, wachita bwino. Ine ndavota kambirimbiri pa moyo wanga. Iyeyo ndi amene ali kumene zinthuzo zikuchitika, ndipo palibe amene wamufunsa. Chonga apa."

Cholembera chinali m'dzanja langa. Ndikanachonga pa wobweza ana paja sakanadziwa, ndipo ndinaganiza zimenezo, sindinama. Ndinkafuna mlongo wanga abwere, ndinkamusowa mpaka m'mafupa, ndipo mayi wa mpango wa ku Congo uja ndinkamuda ngakhale ndinali ndisanamuonepo. Koma amayi anali atandibwereka maso, osati mutu. Ndinachonga pamene chala chawo chinali. Anapinda okha pepalalo, ndinawatsogolera kubokosi, ndipo poponya anatchula dzina la mlongo wanga la paubwana, mokweza, kuti onse a patebulo amve kuti wafika.

Pobwerera anayenda atandigwira chigongono. Tinadutsa minda ya fodya imene inali itangotsala mapesi okhaokha, mpaka tinafika pamtsinje wouma wa kumunsi kwa mudzi. Pamenepo anaima n'kuti, "Ndamukankhira kutali ndekha mwana wanga." Ndinawauza kuti voti imodzi siisuntha gulu la asilikali. Anati akudziwa zimenezo, koma misozi inkatsikabe, ndipo anandilola kuti ndiwapukute ndi chitenje changa, chinthu chimene sanalolepo chiyambire.

Amene anawina anawina, ndipo za Congo sitinazimvenso pakamwa pa wandale aliyense. Mayi wa ku Chisemphere uja tinakumana naye kumsika, anati iye anavotera wobweza ana, mwamuna wake anavotera fetereza, ndipo sakulankhulana. Fodya tinadinda, anapita ku okushoni, tinagulitsa mmene tinagulitsira. Nthawi ya nazale inafikanso, ndipo makeni ndinanyamula ndekha.

Maso a amayi ankapita ndithu. Anasiya kupita okha kutchalitchi. Adzukulu awo ankawazindikira ndi mapazi. Kenako anayamba chizolowezi chimene chinkandipweteka kuposa zonse: ankakhala pakhonde tsiku lonse atatsinzina, ali maso. Nditawafunsa anati, "Ndikusunga. Katsala kochepa, kangathere pa nkhuku ndi mbuzi." Ndinawauza kuti maso si mchere, koma sanandimvere. Ankatsegula pokhapokha pothira mankhwala, kapena akamva njinga ikuima pamsewu.

Amayi anatisiya zaka zingapo zapitazo. Nthawi ya chisankho ikafika, magalimoto a zimkuzamawu akayamba kudutsa, ndimawasowa kuposa pa Khirisimasi. Ndimafuna nditamvanso akundiuza kuti zipani zonse ndi mimba imodzi, kenako n'kudzuka m'mamawa kukhala oyamba kusamba kuti akavote.

Mlongo wanga anabwera chaka chomwe chija cha chisankho, amayi akadali moyo, mvula yoyamba itagwa, tikuwokera fodya. Sanabwezedwe ndi voti ya munthu, nthawi ya gulu lake inangokwana, ena n'kupita kukalowa m'malo. Atangofika m'dziko muno anaimba foni, ndipo ulendo uno ndinakwera pachulu ndekha n'kumuuza zonse. Iye anangofunsa kuti, "Achemwali, kwatsala kuona kulikonse?" Ndinati sindikudziwa, afulumire.

Anafika masana pa kabaza. Nditamuona akutsika mtima unandiwawa. Malungo a kumeneko anali atamudya, khosi litatalika, malaya akungolendewera. Kumsana anali atabereka chikwama chachikulu cha asilikali. Tsiku limenelo kunja kunali matope, ndiye amayi anali m'nyumba, atakhala pamphasa. Anamva mawu ake pabwalo akupereka moni kwa ana anga, ndipo anafuula asanafike n'komwe pakhonde.

"Usalowe! Ima pakhomo pomwepo, pali kuwala."

Anaima pakhomo, dzuwa lili kumbuyo kwake. Amayi anatsegula maso. Anapendeketsa mutu uku, anaupendeketsa uko, kufunafuna, ife tonse titagwira mpweya. Kenako nkhope yawo inamasuka, n'kuwomba m'manja.

"Ndamuona! Ee, koma wanenepa mwana wanga! Wadzaza khomo lonse. Ndiye amakudyetsani bwinotu kumeneko."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti chimene akuonacho ndi chikwama, koma mlongo wanga anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Misozi inali ikutsikira m'khosi mwake lowondalo.

"Amatidyetsa bwino, amama," anatero.

"Usasunthe. Ndikuone kaye."

Anaima pomwepo, chikwama chili kumsana, miyendo ikunjenjemera ndi kulemera kwake, mpaka amayi ananena okha kuti akhuta, alowe.